MLENDO NDI MAME, KOMA GALIMOTO IRI NDI MWINI WAKE

Zimene banja la kumudzi liyenera kudziwa za inshuwalansi likaonekeredwa ngozi ndi galimoto ya hayala

Mseu waukulu wa Great East Road, umene umacokera ku Lusaka, nuwoloka mlatho wa Luangwa ndi kupyola pa Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete kufikira ku Chipata, ndi wautali makilomita oposa 550, ndipo kucokera pamenepo umapitirira mpaka ku malire a Mwami. Mu mseu umenewu mumayenda magulu awiri a anthu amene sadziwana. Gulu loyamba ndi la eni dera: mlimi wa ngolo ya ng'ombe wopereka cimanga ku depoti, mnyamata wa njinga yolemedwa ndi matumba a makala, mai wosenza dengu la tomato, ndi ana obwerera ku sukulu. Gulu laciwiri ndi la alendo othamangira nthawi, ndipo ambiri a iwo amayenda pa magalimoto amene si ao, koma obwereka ndi ndalama ku makampani a hayala a m'matauni.

Magalimoto otere amaoneka caka conse. M'nyengo ya cilimwe alendo a maiko akunja amawabwereka kuti akaone nyama ku South Luangwa National Park, kudzera mseu wa ku Mfuwe. M'mwezi wa February amanyamula anthu opita ku N'cwala ku Mtenguleni, ndipo mu August opita ku Kulamba ku Mkaika. Anchito a mabungwe amayendera omwewo pozungulira m'midzi, ndipo ana a m'mudzi okhala ku Lusaka kapena ku Copperbelt amafika nao pa maliro ndi pa maukwati. Ambiri a oyendetsa ao ndi anthu osaudziwa bwino mseu, osadziwa pokhota pamene ng'ombe zimawolokera popita ku dambo.

Ngozi yace ikacitika, kawirikawiri imayenda m'njira imodzi. Dzuwa liri pafupi kulowa, ngolo iri kubwerera kumudzi, ndipo galimoto itulukira pokhota ndi liwiro lalikulu. Ng'ombe imodzi yathyoka mwendo, gudumu la ngolo lapindika, mnyamata amene anali kukusa ng'ombezo wagwera m'ngalande ali kubuula ndi phewa. Woyendetsa galimoto atuluka ali njenjenje, napisa dzanja m'thumba, nati kwa mwini ngolo: "Pepani, bambo, landirani izi mugulire mwanayu mankhwala. Galimotoyi si yanga, ndipo ndiri pa ulendo wautali." Mlimi, poona ulemu wa mlendoyo, alandira ndi manja awiri, ndipo galimoto icoka. Patapita masiku dokotala apeza kuti fupa la phewa lathyoka, ng'ombe ija yaphedwa, ndalama zija zathera pa ulendo wa ku cipatala, ndipo mvula iri pafupi pamene goli latsala ndi ng'ombe imodzi. Pofunsana m'banjamo, apeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba nambala ya galimotoyo.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mau amenewa ndi oona ponena za woyendetsa galimoto ya hayala, pakuti mwina mawa lake adzakhala atakwera ndege kubwerera kwao. Koma galimotoyo siyenda naye. Imabwerera kwa mwini wake, amene ali ndi ofesi, dzina ndi inshuwalansi m'dziko lino. Cotero cipepeso ca banja lobvulazidwa cimadalira pa zimene zinalembedwa tsiku la ngozi, osati pa cifundo ca munthu wodutsa.

ATATU KUMBUYO KWA GALIMOTO IMODZI

Pa galimoto iri yonse ya hayala pali atatu amene ali ndi udindo. Woyamba ndi woyendetsa, amene mlandu umamugwera ngati ngozi inadza cifukwa ca kusasamala kwake. Waciwiri ndi kampani yobwereketsa, imene dzina lake liri m'buku la galimoto, lija ambiri amalicha white book. Wacitatu ndi kampani ya inshuwalansi, imene inalandira ndalama kwa mwini galimoto ndi kulonjeza kuti idzalipira anthu amene galimotoyo idzawapweteka.

Pali kusiyana kumene banja liyenera kukuzindikira msanga. Magalimoto ena amabwerekedwa pamodzi ndi dalaivala wa kampani. Pamenepo dalaivalayo ndi wanchito, ndipo lamulo limati wolemba nchito amayankha pa colakwa cimene wanchito wake wacita ali pa nchito. Magalimoto ena amaperekedwa kwa wobwereka kuti ayendetse yekha. Pamenepo colakwa ndi ca wobwerekayo, koma inshuwalansi ya galimoto imaphimba munthu amene kampani inamulola kuyendetsa. Ndi cifukwa cake funso loyamba loyenera kufunsidwa kwa woyendetsa ndi lakuti iye ndi wanchito wa kampani kapena ndi wobwereka, ndiponso ngati dzina lake liri pa pepala la pangano la hayala.

LAMULO LA INSHUWALANSI

Acikulire ambiri amakumbukira nthawi imene mau akuti inshuwalansi anali kutanthauza kampani imodzi yokha. Zambia State Insurance Corporation inakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kwa zaka pafupi 20, kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, inali yokha pa nchito imeneyi. Pambuyo pake Boma linatsegula khomo kwa makampani ena, ndipo tsopano alipo ambiri. Motero sikokwanira kunena cabe kuti galimoto inali ndi inshuwalansi. Pafunika dzina la kampani yake ndi nambala ya pangano lake.

Lamulo la Road Traffic Act la 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la Road Transport and Safety Agency, lodziwika ndi dzina lakuti RTSA, limaletsa kuyendetsa galimoto pa mseu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena. Inshuwalansi imeneyi amaicha third party, ndiko kuti ya munthu wacitatu. Munthu woyamba ndi waciwiri ndi amene anapangana, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi. Wacitatu ndiye mlimi wa ngolo, wokwera njinga kapena woyenda pansi, amene sanasaine kanthu koma lamulo limamukumbukira.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri sazidziwa. Coyamba, kampani ya inshuwalansi silipira cifukwa ca cisoni. Imalipira pamene paoneka kuti woyendetsa ndiye analakwa, ndipo imafuna umboni wa ciri conse cimene cinaonongeka. Caciwiri, pangano liri lonse liri ndi malire a ndalama: pali mlingo wa munthu wobvulala kapena wakufa, ndi mlingo wina wa katundu monga ngolo, njinga ndi ziweto. Ngati cionongeko caposa malirewo, zotsalazo zimafunidwa kwa woyendetsa kapena kwa mwini galimoto. Wodandaula ali ndi cifukwa cabwino cofunsira kuti auzidwe malire amenewa pa ciyambi pomwe.

TSIKU LA NGOZI

Moyo ndiwo uyenera kutsogola. Wobvulala atengedwe msanga ku cipatala capafupi, kaya ndi ca St Francis ku Katete, ca Chipata Central, kapena kiliniki ya m'deralo. Ngakhale munthu amene akuoneka kuti wangokalika khungu ayenera kupimidwa, cifukwa kubvulala kwa m'mutu ndi kwa m'mimba nthawi zina kumaonekera patapita maola ambiri. Ngati woyendetsa adzipereka kunyamula wodwalayo, ndi cinthu cabwino, koma wacibale mmodzi atsagane nao, ndipo nambala ya galimoto ilembedwe galimotoyo isanacoke.

Pamene ena ali kusamalira wodwala, munthu mmodzi wodziwa kulemba, ngakhale mwana wa sukulu, alembe izi: nambala ya galimoto, mtundu wake, dzina la kampani ya hayala, dzina la woyendetsa monga lalembedwera pa laisensi yake, nambala yake ya foni, ndi zonse zolembedwa pa kapepala ka inshuwalansi kamene kamamatidwa pa galasi la kutsogolo. Pa kapepalako pamakhala dzina la kampani ya inshuwalansi ndi tsiku limene inshuwalansiyo idzatha. Woyendetsa akakhala mlendo wa dziko lina, ilembedwenso nambala ya pasipoti yake ndi malo amene akukagona. Ngati pali wina ali ndi foni yojambula, ajambule galimoto, ngolo, ziweto, mikwasa ya matayala pa tala ndi malo onse, zinthu zisanasunthidwe.

Kenaka apolisi adziwitsidwe tsiku lomwelo, pa nambala ya 991 kapena pa polisi yapafupi. Anthu ena a m'midzi amaopa kuti kuitana apolisi ndiko kudziputira mlandu, koma popanda lipoti lao kampani ya inshuwalansi siyamba ndi kutsegula komwe failo. Apolisi amayesa malo, amalemba mau a woyendetsa ndi a mboni, ndipo amapereka pepala lopita nalo kwa dokotala kuti alembepo za kubvulalako. Mboni zilembedwe maina ndi midzi yao, ndipo nyakwawa wa mudzi wapafupi adziwitsidwe, pakuti patapita miyezi isanu ndi umodzi iye ndiye angathandize kupeza anthu amene anaona. Ndalama iri yonse yolipiridwa ku ofesi ya Boma potenga lipoti ituluke ndi lisiti la Boma.

Cinthu cimodzi ndi coletsedwa ndithu: kumenya woyendetsa, kuphwanya galimoto kapena kulanda makiyi ndi katundu wake monga cikole. Mkwiyo wa pa ngozi ndi womveka, koma ocita zotere amasanduka oimbidwa mlandu, ndipo woyendetsa amapeza cifukwa cothawira pa malopo zinthu zisanalembedwe.

NDALAMA ZA PA MSEU

Palibe coipa kulandira thandizo lofikitsira wodwala ku cipatala. Coopsa ndi kubvomera kuti ndalamazo zatha mlandu wonse. Pa mseu palibe munthu amene angadziwe ngati fupa lidzalumikizana bwino, ngati ng'ombe idzaimanso pa goli, kapena kuti gudumu latsopano ligulidwa ndalama zingati. Woyendetsa galimoto ya hayala ali ndi cifukwa cake cofulumirira: amaopa kuti kampani idzamudula ndalama za cikole zimene anasiya pobwereka, ndipo amafuna kuti nkhani ithere pomwepo.

Ngati ndalama zaperekedwa, zilembedwe pa pepala pamaso pa mboni ziwiri, ndi mau omveka akuti ndi thandizo loyamba la mayendedwe ndi mankhwala, osati cipepeso comaliza. Zikatumizidwa pa foni, uthenga wake usafafanizidwe. Ndipo munthu asasaine kapena kudinda cala pa pepala la Cingerezi limene sanamasuliridwe ndi munthu amene iye amamukhulupirira. Safunsa anadya phula.

MAPEPALA OFUNIKA

Dandaulo la inshuwalansi limaima pa mapepala monga nkhokwe imaima pa mafoloko ake. Ofunika kwambiri ndi lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, citupa ca NRC ca wobvulala, ndi malisiti a zonse zimene banja laononga: mankhwala, kujambula mafupa, basi yopita ndi kubwera ku cipatala. Banja lisunge kabuku kolembamo tsiku liri lonse limene wodwala wagona m'cipatala ndi masiku amene walephera kugwira nchito.

Za katundu, mmisiri wodziwika alembe mtengo wokonzera ngolo kapena njinga, ndipo ndi bwino kukhala ndi mitengo ya amisiri awiri kapena atatu. Cinthu coonongekaco cisakonzedwe kapena kutayidwa kampani isanatumize woyesa wake, kapena isanalole mwa kalata kuti nchito iyambe. Za ciweto, mlangizi wa ziweto wa Boma aitanidwe kuti aone, alembe msinkhu wake, kubvulala kwake ndi mtengo wake pa msika wa m'deralo. Ng'ombe yothyoka mwendo kawirikawiri iyenera kuphedwa msanga kuti nyama isaonongeke, koma ijambulidwe ndi kuonedwa ndi mlangiziyo poyamba. Ndalama zopezeka pogulitsa nyamayo zinenedwe moona, cifukwa kampani imazicotsa pa mtengo wa ng'ombe, ndipo bodza limodzi lopezeka m'dandaulo lingagwetse dandaulo lonse.

Mapepala onse ajambulidwe pa makina a fotokope ku Boma. Enieniwo akhale kunyumba m'thumba la pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi mvula, ndipo aonetsedwe pokhapo pamene afunidwa.

KULEMBERA KAMPANI

Mapepala oyamba akangopezeka, makalata awiri alembedwe: ina kwa kampani ya hayala, ina kwa kampani ya inshuwalansi. Kalatayo ikhale yaifupi. Inene tsiku, nthawi ndi malo a ngozi, nambala ya galimoto, dzina la woyendetsa, polisi imene inalandira lipoti, anthu obvulala, katundu woonongeka, ndi kuti wolembayo afuna cipepeso. Woipereka apemphe kuti adindiridwe cidindo ca tsikulo pa kope lake. Ngati kampaniyo iri ku Lusaka kokha, wacibale wa m'tauni angapereke kalatayo, kapena itumizidwe m'njira yosiya umboni wakuti inafika.

Kulembera kampani ya hayala ndi kofunika pa cifukwa ici: inshuwalansi imayembekeza kuti mwini galimoto ndiye aidziwitse za ngozi, ndipo nthawi zina wobwereka amabweza galimoto ndi kunena kuti anagunda citsa kapena mbuzi ya m'chire. Kalata ya mlimi, pamodzi ndi lipoti la apolisi, ndiyo imaulula kuti panali munthu wobvulala.

Kampani ikalandira dandaulo imapereka nambala ya failo, imene iyenera kuchulidwa nthawi zonse poimba foni kapena polemba. Imatumiza woyesa cionongeko, ndipo ikakhutira imachula ndalama zimene ifuna kulipira. Mtengo woyambawo si lamulo. Wodandaula angathe kuukana mwaulemu, naonetsa malisiti ndi mitengo ya pa msika. Ayenera kudziwanso kuti pa katundu wakale kampani imawerengera mtengo wa cinthuco monga cinaliri tsiku la ngozi, osati mtengo wa catsopano ca m'sitolo.

Pomalizira pamabwera pepala limene amalicha discharge form. Wosaina pepala limeneli amabvomera kuti walandira zonse ndipo sadzafunanso kanthu pa ngoziyo. Cifukwa ca ici, munthu wobvulala kwambiri asafulumire kusaina dokotala asananene ngati adzacira kotheratu kapena adzatsala wolemala. Mnyamata amene dzanja lake silidzagwiranso khasu wataya zambiri kuposa mtengo wa mankhwala, ndipo cipepeso ciyenera kuwerengera zimenezo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

PAMENE MLIMI NAYE WALAKWA

Si ngozi zonse zimene zimadza ndi woyendetsa galimoto. Ngolo yoyenda usiku popanda nyali kapena zonyezimira kumbuyo, njinga yoyenda ku dzanja lamanja m'malo mwa lamanzere, ng'ombe zosiyidwa ndi ana aang'ono m'mbali mwa tala, zonsezi zimawerengedwa. Pamene onse awiri alakwa, cipepeso cimacepetsedwa molingana ndi gawo la colakwa ca wodandaula. Mwa citsanzo, ngati cionongeko ciri K12,000 ndipo papezeka kuti gawo limodzi la magawo anai a colakwa linali la mwini ngolo, iye adzalandira K9,000.

Ndipo ngati colakwa conse ciri ca mwini ziweto, nkhani ingatembenuke. Kampani ya inshuwalansi imene yakonzetsa galimoto iri ndi mphamvu yofuna ndalama zake kwa amene anacititsa ngoziyo. Mlimi akalandira kalata yotere asaibise pa denga, koma apite nayo msanga kwa odziwa malamulo. Zonyezimira ziwiri zokhomera kumbuyo kwa ngolo ndi zochipa kwambiri poyerekeza ndi nyali imodzi ya galimoto ya alendo.

NGOZI IKATENGA MOYO

Pamene munthu wafa, mwambo umafuna kuti wocititsa imfa aonekere pa maliro ndi kuthandiza bokosi ndi cakudya. Thandizo limeneli lilandiridwe ndi kulembedwa, koma silitseka njira ya cipepeso ca inshuwalansi. Kampani idzafuna lipoti la apolisi, cikalata ca imfa, zotsatira za kupima mtembo, ndi kalata ya khoti yoika munthu woyang'anira cuma ca womwalirayo. M'midzi kalata imeneyi kawirikawiri imatengedwa ku Local Court, abale atagwirizana za munthu woyenera.

Woikidwayo ndi mtumiki wa banja, osati mwini ndalama. Cipepeso ca imfa cimalinga makamaka kwa amene anali kudalira womwalirayo: mkazi kapena mwamuna wamasiye, ana, ndi makolo okalamba. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 linaikidwa kuti liteteze amasiye ndi ana kwa olanda cuma, ndipo woyang'anira amene adya za ana amasiye angaitanidwe ku khoti kuti akafotokoze.

GALIMOTO YOCOKERA KUNJA

Cigawo ca Kum'mawa ciri pa malire, ndipo ena mwa magalimoto a hayala opita ku Mfuwe amabwerekedwa ku Lilongwe ndi kulowera pa Mwami. Magalimoto a maiko monga Malawi ndi Zimbabwe kawirikawiri amayenda ndi Yellow Card, inshuwalansi ya maiko a bungwe la COMESA, limene likulu lake liri ku Lusaka. Makonzedwe amenewa anayamba kugwira nchito mu 1987, ndipo ubwino wake ndi wakuti munthu wobvulazidwa m'Zambia amadandaula m'Zambia momwemo, osawoloka malire. Dziko la Mozambique siliri m'bungwe la COMESA, koma galimoto yolowera pa Chanida nayo iyenera kukhala ndi inshuwalansi yogwira nchito m'dziko lino. Pa galimoto iri yonse ya nambala yacilendo, banja lionetsetse kuti apolisi alemba nambala ya cikalata ca inshuwalansi galimotoyo isanaloledwe kupitirira.

KAMPANI IKAZENGEREZA

Madandaulo ena amatha m'masabata owerengeka, ena amatenga miyezi. Wodandaula akaona kuti makalata ake sayankhidwa, kapena kuti wakanidwa popanda cifukwa comveka, apemphe kuti yankho liperekedwe molemba. Kenaka angathe kulembera bungwe la Pensions and Insurance Authority ku Lusaka, limene limapereka zilolezo kwa makampani a inshuwalansi ndi kuwayang'anira motsatira lamulo la Insurance Act la 2021. Bungweli limalandira madandaulo a anthu wamba, ndipo kalata yopita kumeneko itsagane ndi makope a mapepala onse ndi nambala ya failo.

Njira yotsiriza ndi khoti. Anthu osakhoza kulipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Board, imene iri ndi ofesi ku Chipata. Khoti ndiyonso njira pamene papezeka kuti galimoto inalibe inshuwalansi, kapena kuti cionongeko caposa malire a pangano. Acenjere ndi anthu ozungulira pa zipatala ndi pa polisi olonjeza kufulumiza ndalama ngati apatsidwa mapepala enieni ndi kangacepe. Ambiri a iwo si maloya.

Kumudzi amati mlandu suwola, ndipo pa bwalo la mfumu mau amenewa ali ndi mphamvu. Koma m'makhoti a Boma mlandu umawola. Munthu wobvulala cifukwa ca kusasamala kwa wina ali ndi zaka zitatu zokha zoyambira mlandu wake, ndipo zikapita khoti lingathe kukana kuumva. Kukambirana ndi kampani sikuimitsa masiku amenewa. Wanzeru salola ngakhale caka cimodzi kutha asanaonane ndi loya ngati nkhani yake yaima.

BANJA LIKABWEREKA LOKHA

Nthawi zina wobwereka galimoto ndi mwana wa m'mudzi momwemo, amene wabwera ndi mtembo kapena ndi akwati. Iye awerenge pangano asanasaine. Afunse ngati inshuwalansi imaphimba galimoto yeniyeniyo kapena anthu ena okha, ndiponso kukula kwa ndalama zimene amazicha excess, ndilo gawo loyamba la cionongeko limene wobwereka amalipira yekha. Ayendere galimoto yonse pamodzi ndi wa kampani, ndi kulemba kapena kujambula pophwanyika pali ponse pakale.

Makiyi asapatsidwe kwa mlamu kapena mphwake amene dzina lake siliri pa pangano, ngakhale akhale wodziwa kuyendetsa. Kuyendetsa ataledzera, kunyamula anthu oposa mlingo, kapena kuwoloka malire popanda kalata ya kampani, zonsezi zingacititse kuti inshuwalansi ikane, ndipo mtengo wonse wa galimoto ugwere wobwerekayo. Ngozi ikacitika, aime, athandize obvulala, adziwitse apolisi ndi kampani nthawi yomweyo, ndipo asapite nayo galimoto kwa makanika wa pansi pa mtengo kuti abise cilema. Asalonjeze malipiro m'dzina la kampani, koma apereke moona dzina lake ndi la inshuwalansi kwa amene wawapweteka. Obwereka galimoto kwa mnansi adziwenso kuti inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo kawirikawiri siphimba nchito ya hayala.

Mlimi uja wa ngolo sanaluze cifukwa cakuti lamulo linamuiwala, kapena cifukwa cakuti mlendo anali woipa mtima. Lamulo linalipo, inshuwalansi inalipo, ndipo kapepala kake kanali pa galasi pamaso pa anthu onse amene anasonkhana pa mseu madzulo aja. Cinasowa ndi munthu mmodzi wotenga pensulo. Nyakwawa, aphunzitsi ndi akulu a mipingo a midzi ya m'mbali mwa mseu angacite bwino kufotokoza zimenezi pa misonkhano yao, kuti pa tsiku la tsoka papezeke wina wokumbukira kulemba nambala pamene ena onse ali kulira.